Mlandu wa Galu Amene Sanalume Munthu

 Lero ndabwera ndi mlandu wa galu. Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kupukusa mutu, akuti, "Mavuto onse ali m'dziko munowa, n'kumakamba za galu?" Ndiloleni ndiufotokoze kaye mlanduwu, ndikamaliza muweruze nokha.

M'mayiko monga America ndi Britain muli malo osungirako agalu osowa eni ake. Galu wosokera amapita kumeneko. Galu amene mbuye wake wamwalira, kapena ntchito yamuthera, kapena wasamukira m'nyumba ya lendi imene mwini wake safuna ziweto, nayenso amapita kumeneko. Akafika amamuyeza, amamubaya katemera, amamupatsa khola lake, basi n'kuyamba kudikira munthu woti adzamutenge akakhale wa pabanja pake. Ntchito imeneyi ndi yakale: malo otchuka amene lero amatchedwa Battersea, mumzinda wa London, anawayambitsa mayi Mary Tealby m'chaka cha 1860. Ku America, bungwe loona za nyama la ASPCA linawerengera zaka zingapo zapitazo kuti agalu opitirira 3 miliyoni amalowa m'malo amenewa chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 390,000 satulukamo amoyo. Ena amawabaya jakisoni wa imfa chifukwa adwala kwambiri, ena chifukwa ndi olusa. Koma alipo ena amene sadwala, saluma, amangofa chifukwa makola adzaza ndipo palibe munthu amene anaima pakhomo pa khola lawo.

N'chifukwa chiyani palibe amene anaima?

Taganizirani mmene kusankhako kumachitikira. Munthu akulowa m'chinyumba chachitali, makola mbali iyi, makola mbali iyo, agalu onse akuuwa nthawi imodzi. Iye akuyenda, diso kumanzere, diso kumanja, makola ambiri n'kumangowadutsa. M'chaka cha 2012 ofufuza a ASPCA anatulutsa zimene anapeza atafunsa anthu pafupifupi 1,500 amene anali atangotenga chiweto m'malo asanu otere kuti chinawakopa n'chiyani. Kwa amene anatenga galu, yankho limene linatsogola linali maonekedwe. Chaka chotsatira, ofufuza a pa yunivesite ya Portsmouth ku England anapeza kuti agalu amene amakonda kukweza nsidze, maso n'kuoneka aakulu ndi achisoni, ankapeza nyumba msanga kuposa anzawo. Tangoganizani, moyo wa galu n'kudalira kamnofu kakang'ono ka pamphumi.

Nanga otsala ndi ati? Ogwira ntchito m'malo amenewa amawadziwa bwino. Galu wamkulu thupi. Galu wa chimutu ndi chibwano chotambalala. Wokalamba, wa imvi kukamwa. Wa diso limodzi, wa miyendo itatu, wa zipsera, wa ubweya wothothoka. Ambiri amatchulanso galu wakuda, amene pachithunzi nkhope yake siituluka bwino, ngakhale kuti kafukufuku wapeza kuti m'malo ena wakudayu amatsaladi, m'malo ena ayi. Koma pamene umboni wachuluka kwambiri ndi pa galu amene pakhola pake palembedwa kuti pit bull.

Dzina limeneli si la mtundu umodzi wa galu. Anthu amalipereka kwa galu aliyense wa ubweya waufupi, chifuwa chachikulu ndi mutu wotakata. Makolo a agalu otere ankawamenyanitsa ku Britain m'zaka za m'ma 1800, anthu n'kumabetcha ndalama, ndipo mbiri imeneyo yakhala ikuwatsatira mpaka lero.

Mu 2016, Lisa Gunter ndi Clive Wynne a pa yunivesite ya Arizona State, pamodzi ndi mnzawo wina, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene ine ndimaona kuti aliyense wokonda agalu ayenera kumumva. Anatenga agalu a m'malo osungirako, n'kuwaika awiriawiri ofanana maonekedwe: msinkhu umodzi, mutu umodzi, ubweya umodzi. Kusiyana kwake kunali kamodzi kokha, kakuti mmodzi analembedwa pit bull, mnzakeyo analembedwa dzina lina. Wolembedwa pit bull ankakhala m'khola nthawi yotalika kupitirira katatu poyerekeza ndi mnzake wofanana naye uja. Ataonetsa anthu agalu otere dzina litabisidwa, anthuwo sanawaone cholakwa. Dzina litabwerera, mitima inatembenuka. Ndipo ku Orange County m'chigawo cha Florida, kumene mu 2014 anaganiza zochotsa mayina a mitundu pamakola, agalu a maonekedwe amenewa anayamba kutengedwa ochuluka, ophedwa n'kuchepa. Agalu anali omwewo. Chimene chinachoka ndi kapepala.

Tsono funso lina ndi ili: wolemba kapepalako amadziwa bwanji? Galu wotoledwa pamsewu safika ndi chiphaso chonena za bambo ake ndi mayi ake. Wogwira ntchito amangomuyang'ana, n'kuganiza, n'kulemba. Ofufuza a pa yunivesite ya Florida anafuna kuona ngati diso la akatswiri limalondola. Anatenga agalu 120 m'malo anayi, n'kufunsa ogwira ntchito 16, ena mwa iwo madokotala a ziweto, kuti anene mtundu wa galu aliyense. Kenako anayeza DNA, kuyeza kumene kumaulula makolo a chamoyo. Ogwira ntchito aja anati agalu 62 anali a mtundu wa pit bull. DNA inapeza 25 okha. Ngakhale pakati pawo sankagwirizana: galu mmodzi yemweyo, uyu akuti ndi pit bull, uyu akuti ayi. Amenewa ndi anthu amene amatandala ndi agalu tsiku ndi tsiku, ndipo amawakonda. Ngati diso lawo limaphonya chonchi, nanga lathu, ife ongodutsa?

Asayansi anali atazidziwa kale zimenezi. John Paul Scott ndi John Fuller, m'buku lawo la 1965, anaonetsa zimene zinachitika atakweretsa basenji, galu wochokera m'nkhalango za ku Congo, ndi cocker spaniel wa makutu aatali. Ana ndi zidzukulu zawo zinatuluka zosafanana ndi kholo lililonse. Munthu wosadziwa akanatchula mitundu ina ndithu.

Wina anena kuti, "Chabwino, diso limaphonya mtundu. Koma tikaudziwa mtunduwo, si ndiye kuti tadziwa khalidwe?" Mu 2022, magazini ya sayansi yotchedwa Science inasindikiza kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi Elinor Karlsson ku Massachusetts. Eni agalu opitirira 18,000 anayankha mafunso okhudza khalidwe la agalu awo, ndipo agalu opitirira 2,000 anawayeza DNA. Chimene chinatuluka n'chakuti pa kusiyana konse kwa makhalidwe a agalu, mtundu umafotokoza magawo 9 okha pa 100 aliwonse. Mtundu umathandizako kudziwa ngati galu adzakonda kutola chimene mwaponya, kapena kumvera msanga mukamuitana. Koma pa nkhani yakuti galu amapsa mtima msanga akaopsezedwa, mtundu sunanene zambiri. Magawo otsalawo ali m'magazi a galu payekha, m'kaleredwe, m'zimene anakumana nazo ali mwana, ndi m'manja mwa amene amamusunga.

Pamene nkhaniyi imandiwawa kwambiri ndi pamene kuweruza ndi maso kwasanduka lamulo la boma. Mu 1991 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lotchedwa Dangerous Dogs Act, loletsa mitundu inayi: pit bull terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Mverani mmene limagwirira ntchito. Safunsa kuti makolo a galuyo ndani. Zotsatira za DNA sizimupulumutsa. Wapolisi wophunzitsidwa ntchito imeneyi amabwera ndi tepi, n'kuyeza mutu, chifuwa, miyendo, n'kuyerekeza ndi mlingo umene unalembedwa ku America mu 1977. Galu akafanana ndi mlingowo mokwanira, ndiye kuti ndi woletsedwa. Ana awiri a mimba imodzi akhoza kuweruzidwa mosiyana, wina n'kupita kwawo, wina n'kutsala. Mwini galu angathe kupita kukhoti kukapempha chilolezo chomusunga pa malamulo okhwima. Koma galu wa m'malo osungirako alibe mwini woti akamuimire. Lamulo silola kumupereka kwa munthu watsopano, kaya akhale wofatsa bwanji. Anthu amene amudyetsa, kumusambitsa ndi kusewera naye ndi omwewo amene amamuperekeza kwa dokotala kukabayidwa. Kuyambira pa 31 Disembala 2023, ku England ndi Wales anawonjezapo mtundu wina wotchedwa XL Bully, ndipo chinthu choyamba chimene amayeza ndi kutalika: wamphongo kuyambira masentimita 51 pa phewa, wamkazi masentimita 48.

Ku Belfast, ku Northern Ireland, kumene kuli lamulo lofanana nalo, kunali galu wakuda dzina lake Lennox. Mu Meyi 2010 akuluakulu a khonsolo anafika pakhomo, anamuyeza, anati ndi wa maonekedwe a pit bull, n'kumutenga. Banja limene linkamusunga linati ndi mwana wa American bulldog ndi Labrador, ndipo sanalumepo munthu. Khonsolo inati katswiri wake wamuona kuti ndi woopsa. Mlandu unayenda zaka ziwiri, khoti ili ndi khoti ilo, galuyo ali m'khola, kutali ndi anthu amene ankawadziwa. Anthu a ku America anadzipereka kuti amutenge akamusunge kumeneko, koma sizinatheke. Pa 11 Julayi 2012 Lennox anaphedwa. Mungathe kukhulupirira katswiri wa khonsolo, mungathe kukhulupirira banja. Koma chimene chinamuchotsa pakhomo tsiku loyamba lija sichinali bala pa mwendo wa munthu. Inali tepi.

Kodi lamulo lotere limateteza anthu? Mu 2018 komiti ya aphungu a ku Britain komweko inaunika nkhaniyi, n'kupeza kuti chiwerengero cha anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha agalu chinali chitakwera ndi magawo 81 pa 100 kuchokera mu 2005, lamulo lili pomwepo. Dziko la Netherlands linaletsa ma pit bull mu 1993, koma mu 2008 linachotsa chiletsocho litaona kuti kulumidwa sikunachepe.

Apa ndiime kaye, pakuti sindikufuna wina andimve molakwika. Galu amapha. Galu wamkulu wa nsagwada zamphamvu akalusa, mwana sapulumuka. Kumapeto kwa 2022 ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito m'mayadi a anthu oweta agalu, ana angapo anaphedwa ndi agalu otchedwa pit bull, ku Bloemfontein ndi madera ena. Anthu anakwiya, ndipo opitirira 100,000 anasaina chikalata chopempha boma kuti liletse agalu amenewa. Makola a mabungwe osamala nyama a SPCA anadzaza ndi agalu amene eni ake anawapereka chifukwa cha mantha. Mayi amene waika mwana wake m'manda sindingapite kukamuwerengera manambala a kafukufuku. Mantha ake ndi oona, ndipo galu amene waonetsa kuti ndi woopsa sayenera kuperekedwa kwa banja lina, kaya akhale wokongola chotani.

Koma chifukwa chakuti ndikufuna ana atetezedwe, ndikufuna tiyang'ane pamene pali ngozi yeniyeni. Mu 2013, Gary Patronek ndi anzake anasanthula imfa 256 zobwera chifukwa cha agalu ku America, kuyambira 2000 mpaka 2009. Pa imfa 87 mwa 100 zilizonse, panalibe munthu wamkulu wamphamvu woti aleretse. Pa 84 mwa 100, galuyo anali wosafula. Pa 76 mwa 100, galuyo sankakhala ndi anthu ngati wa pabanja, ankangosungidwa kumbali, kuseri kapena pa tcheni. Ndipo mtundu wa galuyo unali wodziwika motsimikizika pa imfa zosakwana 18 mwa 100. Zonse zikuluzikulu zimene anapezazi ndi zochita za munthu, ndipo munthu angathe kuzisintha.

Umboni wina unachokera kumalo kumene palibe akanauyembekeza. Mu 2007 apolisi ku Virginia anagwira Michael Vick, katswiri wotchuka wa mpira wa ku America, chifukwa chomenyanitsa agalu. Pamalo pake anapezapo ma pit bull pafupifupi 50, ambiri ali pa unyolo, ena ali ndi zipsera. Masiku amenewo, agalu otengedwa m'malo omenyanitsira ankangowapha onse. Ulendo uno khoti linalamula kuti aliyense aunikidwe payekha. Mwa onsewo, mmodzi yekha ndi amene anaphedwa chifukwa cha ukali. Agalu 22 amene anali ovuta kwambiri anapita ku bungwe la Best Friends ku Utah, ndipo vuto la ambiri silinali ukali koma mantha, moti ena ankangogona pansi osafuna kuyenda. Ena anakhala kumeneko mpaka imfa yawo. Ambiri anapeza mabanja. Mmodzi, wotchedwa Jonny Justice, anafika poti ankapita naye m'malaibulale kuti ana ophunzira kuwerenga azimuwerengera mabuku. Akanaweruzidwa ndi nkhope ndi mbiri, onsewo akanafa sabata imodzi.

Diso lomwelo limene limapha galu wosakongola limazunzanso wokongola. Mu 2022 French bulldog, kagalu ka mphuno yophwatalala ndi maso aakulu, kanakhala galu wokondedwa kwambiri ku America, kupitirira Labrador amene anali atatsogola zaka 31. Mphuno imene anthu amaikondayo ndi imene imakalepheretsa kupuma bwino. Kukatentha kamabanika. Mitu ya ana ake ndi yaikulu moti kafukufuku wa ku Britain anapeza kuti pa kubereka 10 kulikonse, kopitirira 8 kumachitika mwa opaleshoni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa nkhaniyi si ya kunja kokha. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo onsewa amasamala agalu otayidwa ndi ovulala n'kuwapezera eni atsopano. Koma ngakhale tisanafike kumakola awo, ife tili kale ndi tepi yathu m'mutu. Timati uyu ndi galu wachizungu, uyu ndi wachikuda. Wachizungu amagona pakhonde, amamugulira nyama ndi mankhwala a nkhupakupa, akadwala amathamanga naye kwa dokotala pagalimoto. Wachikuda uja, wofiirira, wa makutu oimirira, wa mchira wopindika, amadya mkute ukatsala, ukapanda kutsala akadzionere yekha kudzala. Akalowa m'khitchini ndi chikuni. Akadutsa pamsewu ndi mwala. Ndipo ana athu amaona, n'kuphunzira kuti chinthu chikakhala chosakongola ndi chosagula ndalama zambiri, kuchigenda si mlandu.

Ambiri timaganiza kuti galu wachikuda ndi zotsalira, zosakanizika za agalu a azungu zimene zinalowa pansi. Sizili choncho. Mu 2009, Adam Boyko wa pa yunivesite ya Cornell ndi anzake anayeza agalu a m'midzi ku Egypt, Uganda ndi Namibia, n'kupeza kuti m'madera ambiri amenewa agaluwo ndi a mzere wawowawo wakale, wosachokera ku mitundu ya ku Ulaya. Kummwera kwa Africa kuno agalu anafika pamodzi ndi alimi osula zitsulo zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ku South Africa anawapatsa dzina laulemu lakuti Africanis. Nanga achizungu aja? Chionetsero choyamba cha agalu chinachitika ku Newcastle mu 1859. Bungwe la Kennel Club, lolemba mitundu ya agalu, linayamba mu 1873. German shepherd amene timamulakalakayu analembedwa koyamba mu 1899. Mitundu yambiri imene timaiona ngati yapamwamba ndi ya dzana. Galu amene ankapita ku uzimba ndi agogo athu, amene ankathamangitsa anyani m'munda ndi kuchenjeza mudzi fisi akayandikira khola la mbuzi, ndiye wakale. Thupi lake linapangidwa ndi dziko lino: ubweya waufupi woti nkhupakupa ioneke msanga, miyendo ya ulendo wautali, mphuno yaitali yopuma bwino m'dzuwa la Okutobala.

Koma taonani zimene timachita m'tawuni. Mnyamata waima m'mbali mwa msewu, wakweza m'mwamba kamwana ka galu ka ubweya wambiri, akuti, "Bwana, German shepherd weniweni uyu!" Bwana aima, alipira, atenga. Sanaone mayi wake, sakudziwa ngati kanabayidwa katemera, sakudziwa kuti kanachotsedwa kubere kasanakwane masabata 8 amene madokotala amalangiza. Nthawi zambiri kagalu kotere kamafa sabata yoyamba ndi matenda otsegula m'mimba. Kakapulumuka n'kukula, makutu n'kutuluka ena, msinkhu n'kuima panjira, bwana akuti, "Anandipusitsa, ndi wachikuda uyu." Kuyambira tsiku limenelo mbale yake imachepa. Galuyo ndi yemwe uja amene ankathamangira kugeti bwana akamabwera kuntchito, ndipo akuthamangirabe.

Ndiye pali ena amene amasankha ndi maso mwa njira ina: akufuna galu wooneka moopsa kuti akuba aziopa. Kufuna chitetezo n'kwabwino, tonse tikudziwa mmene usiku ulili m'makwalalamu. Koma amamupatsa dzina lakuti Denja kapena Poizoni, n'kumutsekera m'kakhola ka mdima tsiku lonse kuti asazolowere anthu, ena mpaka kumuthirira tsabola m'chakudya kuti akhale wolusa. Kumbukirani 76 mwa 100 aja. Galu woleredwa chonchi sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba amene wabwera kudzatola mpira. Tsiku limene adzathyole khola, tidzati mtundu umenewu ndi woipa, koma amene anamupanga kukhala chomwecho ali pomwepo, makiyi a khola ali m'thumba.

Ndikudziwa chimene chili m'mitima ya ambiri mukaona galu wowonda, wa mphere, nthiti zili pamtunda. Mukuganiza za chiwewe, ndipo mukuchita bwino kuchiopa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, pafupifupi onse m'mayiko a mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira. Koma pano ndi pamene kuweruza ndi maso kungatiphetse. Mphere si chiwewe. Mphere ndi tizilombo ta pakhungu, ndipo galu akalandira mankhwala ndi chakudya, pakapita masabata angapo ubweya umamera, simungamuzindikire. Kuwonda ndi njala, kapena njoka za m'mimba. Pamene kagalu konenepa, ka ubweya wosalala, kogula pamsewu kaja, kangathe kukhala kuti kanalumidwa kale ndi galu wachiwewe ndipo matenda akubisala m'thupi, osaoneka ndi maso kwa masabata kapena miyezi. Chimene chimasiyanitsa galu wotetezeka ndi woopsa pa nkhani ya chiwewe ndi katemera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi anzake a ku Blantyre, linabaya agalu opitirira 35,000 mumzindawu m'masiku 20. Sankafunsa kuti wachizungu ndi uti, wachikuda ndi uti. Ankadziwa kuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Ndipo mukalumidwa kapena kukandidwa ndi galu aliyense, wokongola kapena wonyansa, wanu kapena wa eni, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Wina afunsa kuti, "Tikasiya kuyang'ana nkhope, tiyang'ane chiyani?" Yang'anani zimene galu akuchita. Galu womasuka thupi lake limakhala lofewa, amabwera chammbali, amanunkhiza, mchira ukupukusika pamodzi ndi chiuno. Galu amene wauma thupi, wakuyang'anitsitsani osaphethira, wakweza milomo mano n'kuoneka, ameneyo akukuchenjezani, mupatseni mpata. Amene wapinda mchira pakati pa miyendo, makutu atagona kumbuyo, ali ndi mantha, ndipo wamantha mukamupanikiza pakona amaluma. Dziwaninso kuti m'khola la malo osungirako galu sakhala mmene alili. Phokoso, fungo la agalu ena ndi kusowa mbuye wake zimamusokoneza, moti wina amauwa kosalekeza, wina amabisala pakona. Mukam'tulutsa panja n'kuyenda naye pang'ono, mumaona galu wina. Amene amamudyetsa tsiku ndi tsiku ndiye angakuuzeni ngati amakhala bwino ndi ana, ngati amathamangitsa nkhuku, ngati amalusa munthu akayandikira mbale yake. Mafunso amenewa ndi amene adzakhale nanu zaka 10 zikubwerazo. Mtundu wa ubweya mudzauzolowera mwezi woyamba.

Ndiye pempho langa kwa inu, omvera, ndi ili. Ngati mukufuna galu, musaime pamsewu n'kugula chifukwa cha ubweya. Pitani kwa anthu amene amasunga agalu osowa eni, kapena kwa mnansi amene mayi wa tianato mukumudziwa. Mukafika kumakola, yendani mpaka kumapeto, imani pakhomo pa wamkulu uja, wokalamba uja, wa khutu limodzi uja, ndipo funsani za khalidwe lake musanafunse za mtundu wake. Pitani ndi a pabanja panu, ndipo kunyumba musasiye mwana wamng'ono yekha ndi galu, ngakhale galu wofatsa. Ngati muli kale ndi wachikuda pakhomo, usiku uno mupatseni mbale yake ndi madzi oyera, mumasuleni pa tcheni ayendeko m'bwalo, ndipo funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku limene adzabaye katemera wa chiwewe. Galu amafunika kubayidwa chaka chilichonse.